Bulu wa a Arvo

Thunder Bay
9 Malichi 2024

Okondedwa achimwene a Lorne,

Ndikhulupirira muli bwino ku Whitehorse, inu ndi alamu anga a Bev. Kuno chipale chofewa sichinasungunuke, ndipo msana wanga watopa ndi fosholo, poti ntchito yokokolola pakhomo tsopano ndi yanga. Mwakhala mukudandaula kuti pafoni ndimangoti "tili bwino" n'kudula. Simukunama. Pafoni alamu anu a Arvo amakhala pambali panga akumva zonse, nanga si sitiroko ija inawalanda pakamwa ndi dzanja lamanja koma makutu inawasiyira. N'chifukwa chake ndati ndichite kulemba.

Kuyenda akuyenda, kudya akudya. Chovuta ndi mawu. Chimene akufuna kunena amachidziwa, koma chimakakamira pakhosi. Kuwerenga nakonso n'chimodzimodzi. Zithunzi ndi manambala amaziona bwinobwino, koma mizere ikachuluka amangotseka maso n'kukankhira pepalalo kutali.

Mukukumbukira masewera a makhadi munkasewera awirinu aja, a zilombo ndi asilikali, amene ine ndinkati ndi a ana? A Arvo sanawasiye. Loweruka lililonse masana ankapita kusitolo ya makhadi kwa a Noreen, kumene madoda aimvi amakangana pathebulo ngati pali chanzeru. Adokotala anati abwerere kwa anzawowo, chifukwa pakamwa pamamasuka pagulu, osati pampando wa pabalaza. Vuto n'lakuti makhadi a masiku ano ndi odzaza malemba, lililonse ndi malamulo akeake. Komabe mu Januwale ndinawatengera komweko.

Anzawo anawanyamula ngati dzira. Uyu kuwawerengera khadi, uyu kuwagwirira, winayo kuiwala dala kuponya. Tsiku limenelo a Arvo anapambana masewera onse, munthu woti ali bwinobwino ankapambana mwa apo ndi apo. Musandifunse kuti anawapempha ndani anthuwo kuti azisewera mwachisoni. Pobwerera sanandiyang'ane n'komwe. Titafika anatsitsira bokosi la makhadi kuchipinda chapansi n'kutseka chitseko.

Kuyambira pamenepo ndikati, "Bambo, lero Loweruka," ankangotembenukira kuzenera. Mayi wowaphunzitsa kulankhula uja anayambanso kumukana. Ndinaopa, achimwene. Ndinaona kuti mwamuna wanga akhala chete mpaka kalekale, ine ndili naye m'nyumba momwemo.

Tsiku lina ndikufuna kuphika zitumbuwa zachifinishi za amayi awo zija, ndinatsegula buku la maphikidwe, ndiye munagwa khadi limene ndakhala ndikuikira chizindikiro zaka zonsezi. Ndi la Bulu Wamakani lija, mulidziwa. Kabulu kotuwa kataima pamlatho, manambala awiri pakona, basi, lopanda lamulo ngakhale limodzi. A Arvo anandipatsa kalekale ati ndi lopanda ntchito, moti lili ndi dontho la mafuta pamchira.

A Arvo analitola ndi dzanja lamanzere. Analiyang'ana nthawi yaitali osatseka maso. Kenako ndinangomva masitepe a chipinda chapansi akulira. Sabata yonse thebulo lodyera linali lawo, akusankha m'mabokosi akale makhadi opanda malemba okhaokha, ife tikudyera pamiyendo. Loweruka lapitali ndinawapeza pakhomo atavala kale jekete.

Kusitolo tinapezako a Gaetan, mnzawo amene ankagwira naye ntchito kunkhokwe za tirigu kudoko, wapakamwa posatseka uja. Anali atangobwera kuchokera ku Florida kumene anathawira kuzizira, ndiye za pangano la chisoni lija sankazidziwa.

"Arvo! Ndimayesa unafa, iwe!" anakuwa a Gaetan. "Khala apa ndikukwapule."

Ine ndinayamba kuwatsinzinira kuti achepetse.

"Alamu, chakulowani m'diso n'chiyani? Pitani mukamwe khofi uko."

Atayamba, a Arvo anaika bulu wawo pathebulo. A Gaetan anaseka mpaka kutsokomola.

"Aaa, bulu? Wamufukula kuti ameneyu? Noreen, tabwera udzaone, mdala wabwera ndi za nthawi ya agogo ake! Akununkhanso zitumbuwa!"

Kenako anatulutsa khadi lawo latsopano limene amanyadira, lolanda mphamvu zapadera za makhadi onse a mdani. Analiponya mwamatama, n'kuyang'ana mbali ya a Arvo.

"Nanga ndilande chiyani apa? Zinyama zako zonsezi zilibe kanthu!"

Ndithudi panalibe cholanda. Buluyo anangoima pamlatho pake kutsekereza asilikali awo, ndipo a Gaetan anavula chipewa n'kuyamba kukanda dazi. Anthu anasiya masewera awo kudzaunjikana. A Arvo ankaloza ndi chala chimene akufuna kuchita, a Gaetan osawathandiza ngakhale pang'ono. Akachedwa ankangoti, "Fulumira, aise, ndikalamba."

Koma mapeto ake a Gaetan anapeza khadi loyenera. Anapha buluyo, anasesa zotsala zonse, osasiya kanthu.

"Wagona, mdala. Pita ukalire kunyumba."

Nkhope ya a Arvo inafiira. Ine ndinali nditanyamula kale jekete lawo, mumtima ndikuti a Gaetan ndiwaonetsa panja. Ndiye a Arvo anamenya thebulo ndi dzanja lamanzere.

"Galu iwe!"

Achimwene, mawu omveka bwino, a Arvo enieni amene munkakangana nawo aja. Anapuma, nalimbana nalo liwu lina mpaka linatuluka: "Ti... tibwereze."

A Noreen anathawira kuseri kwa mashelefu ngati akukakonza mabokosi. A Gaetan anayamba kusakaniza makhadi, koma pakamwa sanasiye. Anati, "Galu yemweyu akulumanso kachiwiri." Ndipo anawagonjetsadi kachiwiri. Sindinaonepo munthu wogonja akutuluka m'sitolo monyada chotero. Panjira a Arvo anandiimitsa pogulitsa madonasi n'kudya awiri, ine ndikulira pachiwongolero ngati wopusa. Lachiwiri mayi wophunzitsa kulankhula atabwera, anakamutsegulira okha chitseko.

Tsono pempho langa ndi ili. A Noreen akuti malamulo amalola makhadi anayi amtundu umodzi, koma a Arvo bulu ali naye mmodzi yekha, ndipo m'sitolo mulibe, anthu anataya kalekale. Ine ndikukumbukira kuti posamuka munanyamula katoni ya makhadi akale. Chonde kafufuzeni m'galaja. Mukapeza abulu, kapena ena alionse opanda malemba, tumizani msanga. Akhale opindika kapena akuda, zilibe kanthu.

Mupereke moni kwa alamu anga a Bev, muwauze kuti masokosi aja anafika ndipo akuvalidwa. Moninso kwa ana ndi zidzukulu.

Ndawauza a Arvo kuti ndikulembera inu, ndipo ndawafunsa ngati ali ndi mawu. Akhala nthawi yaitali akuwasakasaka. Ine ndimadziwa kuti ndikhoza kuwamalizira, koma ndatseka pakamwa pangapa n'kudikira. Ndiye ndikulemba monga momwe anenera, osawonjezera kanthu:

"Lorne. Bwera."

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Darlene