Sitima Yomwe Simunaione

Amayi anga, mukudzuka bwanji kumene muliko?

Kuno ku Manassas, kutsidya kwa nyanja, kwayamba kuzizira, mitengo yonse yayoyola masamba. Amake Dalitso anachira mwana wamkazi. Ali ndi chipumi chanu, ndipo akakwiya amatsinzina diso limodzi ngati inu. Amake abwerera kale kuntchito yosamalira okalamba ku Springfield, miyendo ikutupa koma sadandaula. Achemwali analemba kuti munda wanu wa kuseri kwa tchalitchi sunachite bwino chaka chino, feteleza anafika mochedwa.

Nkhani yomwe ndakhala ndikuizengereza ndi ya sitima ija. Paja ndinakufotokozerani pa kaseti: njanji yopindikapindika m'mwamba, ya m'mapaki a masewera, imene anthu amalipira kuti akwere n'kumakuwa. Yathuyi tinkafuna kuti mipando izizungulira payokha sitima ili pa liwiro. Pa kaseti yanu munaseka mpaka kutsokomola. Munati, "Sukulu yonse ija n'cholinga choti uziopseza anthu?" Kenako munati mudzabwera kudzaona, koma kukwera ayi, mudzangoima pansi kutigwirira majekete.

Amayi, yatikanika. Pa pepala zonse zinkayenda bwino. Titamanga kachigawo koyesera kuseri kwa fakitale, mawilo ankatha ngati sopo. Tinasintha mawilo, mipando inayamba kugwedera. Tinalimbitsa mipando, sitima inalemera, ikafika pachitunda n'kumabwerera chambuyo. Nditachoka kumaliro anu ndinafikira m'zomwezo, ndipo ndinadziunjikira ntchito kuti ndisamaganize.

Mwezi watha tinayesanso. M'mipando tinamangiriramo zidole zodzaza madzi, zolemera ngati munthu. Pokhota, chitsulo chonyamula mpando chinathyoka. Chidole chinagwera pa simenti n'kuphulika, madzi anayenderera mpaka pa nsapato zanga. Ine m'maso mwanga munabwera Dalitso, amene wakhala akundiumiriza kuti adzakhale woyamba kukwera. Ndinakumbukanso mawu anu pobereka ana a aneba, akuti mwana wa eni umamumanga mfundo ziwiri.

Abwana athu, bambo wachikulire amene anathera moyo wake pa sitima zimenezi, anandifunsa ngati tingaikonzenso. Ndinawauza kuti mwana wanga sindingamukweze. Anagwedeza mutu, anavula magalasi, n'kukakhala m'galimoto mwawo osailiza.

Eni paki amene anatipatsa ntchitoyi atiuza kuti atopa kudikira. Fakitale ikutsekedwa. Sabata yatha kunabwera anthu odula zitsulo, ndipo ndinaima poteropo kuonerera akuduladula njanji imene ndinaijambula ndi manja angawa. Ndinkafuna munthu woti ndimuuze, ndiye ndinagula kaseti yatsopano pobwerera kunyumba. Ndinafika nayo mpaka pakhomo ndisanakumbukire kuti kulibe woitumizira.

Dalitso ndinamufotokozera m'Chichewa, iye n'kundiyankha m'Chingerezi kuti ndingopanga ina. Pano ndikufunsira ntchito kwa omanga milatho, ndipo anzathu a kutchalitchi ku Columbia Heights akutiyendera.

Mvula ikatha ndibwera kudzakumangirani chiliza. Achimwene amafuna kuitana mmisiri wa paboma, ndawauza kuti adikire. Ndidzachijambula ndekha, njerwa ndidzasankha ndekha, ndipo chimenecho, Amayi, ndikulonjeza kuti ndidzachimaliza.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Limbani