Tinawawolotsa Mumdima Mkamwini Wanu

Scarborough, Lachiwiri, cha m'ma 10 koloko m'mawa

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Ine ndadzuka, maondo okha ndiwo akukana. Mdzukulu wanga Grace wabereka mwana wamkazi ndipo ndamupatsa dzina lanu, ngakhale bambo ake akumalitchula ngati ali ndi mbatata yotentha mkamwa. Nkhwani zomwe ndinadzala m'zidebe pakhonde agologolo anamaliza. Zokolola za chaka chino ndi zimenezo.

Ndikhulupirira mkamwini wanu, bambo a Tiyamike, anafika. Ngati simunawazindikire, n'chifukwa choti tinawatentha. Inde, Amayi, tinawatentha. Ananena okha m'chipatala.

Atapuma pantchito ya kuweyahausi, kosungira katundu, ku Etobicoke anagula chigalimoto chokhala ndi bedi, khitchini ndi chimbudzi mkati, kuno amati RV. Kutalika kwake ngati basi ya ku Dedza. Ankachitsuka Loweruka lililonse, ine sanandigulirepo ngakhale sopo wonunkhira. Nkhani yawo inali imodzi: kudzachikweza pa sitima yapamadzi yonyamula magalimoto, iwo n'kuima pamwamba, kumaona nyanja yamchere mpaka kufika pa chilumba china kum'mawa. Khansa inawapeza asanapite. Anatigwira manja ine ndi Tiyamike kuti phulusa lawo tikaliwolotse, aone madziwo, kenako tikalimwaze tsidya.

Ndinakwiya, Amayi. Munthu wa mpingo, wopanda manda? Tsiku lonyamuka Tiyamike anaika chibotolo cha phulusacho patebulo la mkati, pomwe timadyera. Ndinati ayi, akufa sakhala pamodzi ndi mbale. Ndinachitenga n'kukachitsekera m'kabokosi kam'mbali mwa galimoto, kotsegulira kunja, mmene mumakhala mipando yopinda ndi paipi ya kuchimbudzi. Ndinawauza kuti popeza asankha kukhala katundu, akhale ndi katundu mnzawo. Munkandiuza kuti pakamwa pangapa ndidzapalira. Musaseke.

Tinayenda masiku, Tiyamike akuyendetsa, ine ndikumulongolola. Padoko anyamata ovala zachikasu anayeza chigalimotocho, natiuza kuti tizime gasi, kenako anatilowetsa m'mimba mwa sitima pamodzi ndi mathiraki. Anatipanikiza ngati matemba m'thumba. Mtima wanga unali utaphwa, ndinati ndiwatenge bambo a Tiyamike akaone nyanja yawo. Kachitseko ka kabokosi kaja kanangotseguka pang'ono n'kugunda thiraki ya pambali. Dzanja linalowa, chibotolo ndinachikhudza, koma kutuluka ayi.

Tiyamike anapempha kuti asunthe thirakiyo. Anati sizingatheke, kumbuyo kwadzaza kale. Ndinati basi ndikhala pompano, kwathu maliro sasiyidwa okha. Anati pansi sipatsala munthu, amakhoma zitseko. Ndinawatukwana m'Chichewa, iwo akungomwetulira. Ndinakhala pansi pachitsulo, mwendo tambasu. Mwana wanga anandigwadira akulira, nati, “Amama, chonde, atitsitsa tonse.” Ndinadzuka.

Inu Amayi, pa maliro anu tinagona pamphasa mudzi wonse, sitinakusiyeni ngakhale popita kukatunga madzi. Mwamuna wanga anawoloka yekha mumdima, pafupi ndi paipi ya chimbudzi, ine ndili pamwamba pakati pa anthu odya tchipisi.

Titafika tsidya ndinaganiza zowasunga kuti aone madziwo pobwerera. Koma ndinu munandiphunzitsa kuti maliro akatuluka pakhomo sabwezedwa. Tinawamwaza pamiyala, mphepo inatenga, ena anatsalira pa nsapato zanga. Sindinazipukute, zili m'pepala pansi pa bedi. Chigalimoto chija Tiyamike wachiika pa malonda, sindikufuna n'kuchiona komwe.

Tsono ndikutumeni, Amayi. Ndikudziwa kuti mkamwini ndi apongozi sayang'anana kumaso, koma lankhulani muli choyang'ana kumbali. Muwauze kuti tsiku limenelo kunali nkhungu yokhayokha, madzi sankaoneka, anthu ankangosanza, palibe chimene anaphonya. Zoti kunja kunayera mbee, nyanja ili phee, ndipo anamgumi awiri anatuluka pafupi ndi sitima akupemerera madzi m'mwamba, zimenezo zikhale za inu ndi ine. Ndikabwera ndidzawauza ndekha, ndalonjeza, ndipo adzandikalipire ine ndili chete.

Ndimakukondani, Amayi. Uthengawo mufikitse lero lomwe, musadikire kuti akufunseni.

Ndine mwana wanu wapakamwa uja,
Nasibeko