Tepi Yanga pa Siteshoni Yakale

Lolemba, 5 Febuluwale

Sitima yadutsanso m'mawa uno ndili mkati mosukusula. Zidebe zomwe ndinakhoma Loweruka zinayamba kunjenjemera pakhonde, kenako poooo cha kudambo. Mabogi khumi ndi anayi. Ndawawerenga sopo ali m'maso. Mkazi wanga Agnes akuti mwamuna wa zidzukulu ziwiri sathamangira sitima thaulo lili m'khosi. Ndamuuza kuti yatisowa zaka zambiri, tsono mlendo akabwera amalonjeredwa.

Ndatsimikiza. Ndipanga kasiteshoni ka zitini, kofanana ndendende ndi nyumba yakale ija ya panjanji. Zodulira ndili nazo, zitini zotsala ndiye musanene.

Lachiwiri, 6 Febuluwale

Ndinakayeza. Tepi, kope, pensulo kukhutu, ndi jekete yowala ija mwana wathu Gift anasiya atasiya kabaza, chifukwa ili ndi matumba ambiri.

Amisiri akale analipo. Njerwa zili phee pamzere, khonde la mizati isanu, kazenera kogulitsirapo matikiti kakadalipo ndi zitsulo zake. Ngakhale dzimbiri la pamalata ndi lokongola. Ndinaima ngati chitsiru, ndikumwetulira khoma.

M'menemo mumakhala Mayi Esnart, aja anachokera ku Phalombe ndi amuna awo kudzagwira utenanti wa fodya. Amunawo atamwalira anawachotsa pa esiteti, iwo n'kulowa m'siteshoni poti munalibe munthu. Ndinati, “Mayi, ndingoyezako pang'ono.” Anati, “Yezani, bambo.” Anandipatsa mpando koma sanandiyang'ane kumaso. Ndinayezanso kuchokera pakhonde kukafika panjanji, tepi ikudutsa m'chimanga chawo.

Lachinayi, 8 Febuluwale

Malata atheka. Kachitini ndikumakapsinja pa sipoko za njinga, mizere ikutuluka bwinobwino. Ndawaviika m'madzi a mchere kuti achite dzimbiri. A. anasuzumira n'kunena, “Denga lathu likudontha, inu mukufolera nyumba ya mbewa.” Ndinapitiriza kupsinja. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Lachisanu, 9 Febuluwale

Sitima sinadutse. Chala chachekeka.

Loweruka, 10 Febuluwale

Kometetsa kwa Amon. Makina ali pamutu panga, iye akuti, “Eti achimwene, mwalembedwa ntchito kunjanji osatiuza?” Akuti msika wonse ukudziwa kuti ndatumidwa kuyeza malo, onse olima m'mbali mwa njanji achoke, sitima yabwerera eni ake akufuna zawo. Wina akuti anandiona ndikutsika galimoto yoyera. Ine, wa njinga yopanda buleki.

Ndinaseka mpaka Amon anandilakwitsa kumbuyoku. Ogulitsa tomato awiri anditcha bwana. Kunena zoona zinandikomera.

Lamulungu, 11 Febuluwale

Lero sindikuseka. A. wabwera kutchalitchi ndi nkhani yoti Mayi Esnart apereka mbuzi zawo ziwiri kwa mnzawo ndipo amanga katundu. Akuti anyamuka Lachinayi, sakufuna kudikira kuti awatayire mapoto panja kachiwiri. Ku Phalombe kulibenso wawo. Chimanga chomwe changoyamba kumera ndevu achisiya.

Ndinathamangirako. Ndinafotokoza zonse, kuti ndine wokhoma zidebe basi, kuti ndi choseweretsa. Anagwada n'kunena mwaulemu, “Ndamva, bambo. Nawonso a pa esiteti anati akungoyeza.”

Ndinabwerera mutu uli pansi. Manyazi andigwira, ndipo ndili ndi mantha. A. sananditonze nkomwe, zomwe zandiwawa kuposa kunditonza. Wangoti, “Pakamwa panu sakhulupirira. Kawaonetseni chinthucho.”

Lolemba, 12 Febuluwale

Makoma anayi aima. Mizati ndi misomali ya mainchesi awiri. Njerwa ndikuzilemba ndi singano imodzi imodzi. Wina wofuna mbaula anabwera, ndamuuza abwere sabata yamawa.

Lachiwiri, 13 Febuluwale

Inadutsa cha m'ma teni koloko, yaitali ndithu. Sindinatuluke. A. ndi amene anathamangira kunja, akuti mabogi khumi ndi asanu ndi atatu. Ndalemba pano kuti asadzakane.

Kazenera ka matikiti kandivuta katatu. Penti sinaume koma nthawi palibe.

Lachitatu, 14 Febuluwale

Kasiteshoni ndinakanyamula palichero, A. ali pambuyo ndi ambulera kukatchingira mvula yowaza. Anthu a m'njira ankayesa ndi keke ya ukwati.

Mayi Esnart tinawapeza atakhala pamtolo wa katundu pakhonde. Ndinaika lichero pansi. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anawerenga mizati ndi chala, n'kutembenuka kuwerenga yeniyeniyo. Anagogoda kadenga. Anasuzumira pakazenera ndi diso limodzi, ndipo kaphwete kanawapulumuka.

“Ndiye tepi yonse ija inali ya kameneka?”

“Ya kameneka basi, mayi.”

“Bambo wamkulu ngati inu.”

A. anati, “Ine ndakhala nawo zaka makumi atatu, mayi.”

Mayi Esnart anazungulitsa lichero kuti aone kumbuyo. Kuseka kunatha.

“Khitchini yanga ili kuti? Nanga khola?”

Ndinati zimenezo ndinazisiya dala, poti si za siteshoni, ndimafuna iwoneke momwe inalili kale.

“Ndiye mwandichotsadi,” anatero.

Zaka zisanu ndi zinayi akusesa khonde limenelo, kumata ming'alu, kuthamangitsa akuba malata, ine n'kumanga nyumba yawo iwo mulibe.

Anadzuka pamtolo paja n'kuumasula. Anafufuza pakati pa mapoto, anatulutsa kansalu kobiriwira kamene amatchingira pazenera la matikiti, n'kung'ambako kachidutswa ndi mano. Anandiika m'manja.

“Yambani ndi katani. Mawa mubwere ndi tepi yanu, kumbuyoku simunayeze.”

Tikuchoka, anali akukoleka nsalu yotsalayo pazenera lenileni lija.