Ndani akhale kutsogolo pa njinga ya mayi awo?

Aphungu,

Ndiyambe ndi nkhani yabwino chifukwa ikundiyabwa pakamwa: galimoto yathu yalira! Inali minibasi yotha ntchito imene inakhalitsa kuseri kwa nyumba mpaka mphaka wa aneba anaberekeramo. Mwana wanga woyamba ndi makaniki, ndipo wachotsamo mipando yonse kusiya yakutsogolo. Waikamo mabedi opinda, kasitovu ka gasi, thanki ya madzi ndi kashelefu kokhala ndi lamba kuti mabuku anga asamagwe pokhota. Makatani ndasoka ndekha. Ndi opotoka, koma dzuwa silidziwa zimenezo. Mwezi ukubwerawu tikufuna kunyamuka, kudutsa m'mapiri mpaka ku mathithi ena kumene msewu waphula umathera. Iye azitsogola ndi galimotoyo, azipeza pogona n'kutereka tiyi, ife tizibwera pambuyo titakwera njinga. Ndine munthu wa imvi, koma masiku ano ndikumatsegula mapu pa tebulo la kuntchito n'kumamwetulira ndekha ngati mwana amene amugulira nsapato.

Njinga yathuyo si njinga wamba. Ndi ya anthu awiri: zishalo ziwiri, mapedulo anayi olumikizana, moti wina akapalasa winayonso miyendo imazungulira, afune asafune. Wakutsogolo ndiye amakhota ndi kugwira mabuleki. Wakumbuyo ali ndi mahandulo ongogwirira basi. Tinaigula ndi mkazi wanga ana ali aang'ono, ndipo iye analemba ndi penti pa chitsulo chake kuti "Kuyenda awiri si mantha."

Ine ndimagwira ntchito ku laibulale, kumata mabuku ong'ambika. Magalasi anga ndi okhuthala moti ana amati ndimaona za mawa, koma dzenje la lero sindiliona. Choncho kutsogolo kunkakhala mayi a anawa, amene anakulira pa njinga akugawa makalata a ku positi. Ine ndinkakhala kumbuyo. Ndinkapana buku kumsana kwa jekete yawo yachikasu ndi mapegi oyanikira zovala, n'kumawawerengera mokweza tikuyenda. Iwo ankandiuza za msewu. Akati "Dzenje!" ndinkadzuka pang'ono. Akati "Akatundu, chitunda icho, galamukani!" ndinkalimbikira. Akati "Mtsetse, tsekani buku!" ndinkagwiritsa. Ankanditcha Akatundu, ine ndinkawatcha Adalaivala. Kunena zoona, malo ambiri amene tinapitako sindinawaone bwino. Ndinkaona msana wawo ndi mizere ya m'buku, ndipo sindinadandaulepo.

Mayi a anawa anatisiya chaka chino chomwe, atadwala nthawi yochepa. Ulendowu anauganiza ndi iwo, ndipo minibasiyo anainenerera okha kwa mwini wake.

Achemwali anga aakulu atamva kuti tikupitabe anati, "Gulitsani chinjingacho, achimwene. Khalani m'galimotomo ngati munthu wamkulu, muziwerenga mabuku anuwo muli phee." Ndinawayankha kuti kuwerenga m'galimoto kumandichititsa nseru, zomwe ndi zoona, ngakhale si zoona zonse. Ndinayesa kukhala kutsogolo ndekha, mnyamatayo ali kumbuyo. Sitinafike patali. Tinakalowa mu mpanda wa maluwa wa aneba, iye n'kudzuka akuchotsa masamba m'tsitsi akuti, "Ababa, mpanda uwu unalipo ine ndisanabadwe."

Apa m'pamene mzime wanga analankhula. Ndi mtsikana, wangomaliza kumene sekondale, ndipo kunyumba timamutcha Tsabola chifukwa ndi wamng'ono thupi koma saputidwa. Anati, "Ababa, kutsogoloko ndikhala ndine. Inu bwererani pamalo panu." Analowa m'nyumba n'kutuluka atavala jekete yachikasu ija, manja atapinda kawiri, mapegi ali m'thumba. "Kuti mupanepo buku lanu," anatero.

Tsabola ndi wamfupi kuposa mayi ake. Atakwera, mapedulo ankawagwira ndi nsonga za zala. Achimwene ake anabwera ndi sipanala, koma ine ndinati tisataye nthawi, tiyese kaye.

Aphungu, mwanayu amatha! Tinatuluka pageti bwinobwino, tinadutsa pa bekale, tinadutsa potsukira magalimoto pamene anyamata anatiimbira malikhweru. Wometa wa pakona anatuluka ndi makina m'manja, kasitomala atamusiya mutu theka, n'kukuwa kuti, "Katundu wapeza dalaivala! Mtsikana iwe, umulipiritse ameneyo, ndi wolemera!" Tsabola anamuyankha osacheuka n'komwe: "Pitani mukamalize mutu wa anthu uko!" Ndinaseka mpaka magalasi anachita nkhungu. Mphepo inkandilowa m'malaya, ndinayamba kuwerenga mokweza nkhani ya amalinyero ena otayika panyanja, ndipo kwa nthawi yoyamba chimwalirireni mayi ake ndinamva kuti thupi langa ndi langa.

Kenako tinafika pamene msewu umatsikira ku mlatho wa njanji. Tsabola anakuwa kuti, "Mtsetse, tsekani buku!" Mawu ake, kakwezedwe kake, ngakhale kaphokoso kamene amayi ake ankachita pakhosi asanakuwe, zonse zinali zomwezo. Ndinadzutsa maso. Jekete yachikasu, khosi lomwelo, tsitsi lomangidwa chimodzimodzi. Miyendo yanga inangouma gwa. Ndipo poti mapedulo ndi olumikizana, ake anaima mwadzidzidzi, phazi lake linapulumuka, njinga inagwedezeka. Ndinakuwa kuti, "Ima! Ima!" Anagwira mabuleki mwaluso ndithu, sitinagwe.

Anatsika n'kundifunsa, "Ndalakwitsa chiyani?"

Ndinati, "Palibe."

"Nanga mwaimiranji?"

"Ndatopa."

Anandiyang'ana n'kuti, "Pamtsetse, ababa?"

Tinabwerera tikuikankha njingayo. Jekete anaikoleka kuseri kwa chitseko pamene anaitenga. Tikudya anati, "Musavutike, ndamva. Amayi munkawakhulupirira osaona n'komwe msewu. Ine ndikwera ndi achimwene m'galimoto." Dzulo wasinthanso, akuti mwina angotsala kwa azakhali ake, ife tipite awiri. Mnyamatayo akuti popanda mlongo wake sayendetsa, ndipo wandiuza kuti, "Inu ndi Tsabola ndinu matayala a njinga imodzi, koma nonse mwaphwa."

Tsabola akuganiza kuti ndinachita mantha ndi kayendetsedwe kake. Si choncho. Koma ndingamuuze bwanji kuti chimene chinandiumitsa miyendo n'chakuti amafanana ndi mayi ake? Ndikuopa kuti ayamba kudzibisa, kusintha mawu, kuopa kuseka pamaso panga. Chichitikireni maliro sanalirepo ine ndikuona, inenso sindinalirepo iye akuona. Timangopatsirana mchere patebulo mwaulemu ngati alendo. Mabuku ndawerenga ambiri, ena onena za imfa, koma palibe limene landiuza chonena kwa mtsikana amene wakoleka jekete kuseri kwa chitseko.

Ndipo ulendowu ndikuufunabe, Aphungu, ndikuufuna kwambiri. Ndagula kale pampu yatsopano ndi machubu apadera, ndasankha ndi mabuku omwe. Kodi ndimuuze zoona? Kapena ndimvere achemwali, njinga ndiigulitse, tonse tikwere galimoto mwamtendere?

Ine,
B. T., wa kuseri kwa siteshoni ya sitima


Bambo B. T.,

Pepani ndi imfa ya mayi a kunyumba. Koma pampu mwagulayo musabweze kusitolo. Ulendowu ulipo, ndipo chisangalalo chanucho musachite nacho manyazi. Munthu amene ananenerera minibasi yokhalamo amphaka sanachite zimenezo kuti inu muzikhala pakhonde mutagwira tsaya.

Funso lanu loyamba ndi losavuta. Muuzeni, ndipo muuzeni lero. Mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Mukuopa kuti choonadi chimupweteka, koma taonani chimene bodza lanu laling'ono lachita kale. Mwana anavala jekete ya mayi ake kuti bambo ake awerengenso, anakuyendetsani bwino, anakupulumutsani pamtsetse phazi litapulumuka, ndipo malipiro ake akhala kuganiza kuti simumukhulupirira. Katundu ameneyo ndi wolemera kuposa amene mukuopa kumusenzetsa. Simufunika mawu a m'buku. Nenani kuti, "Unayendetsa bwino. Unakuwa ngati mayi ako, ndipo miyendo yanga inakana." Misozi ikabwera, isiyeni ibwere, iye akuona. N'kutheka kuti nayenso wakhala akudikira kuti wamkulu ayambe.

Tsopano ndikufunseni za chinthu chimene mwachitchula mongodutsa. Mwalemba kuti mwanayo ankagwira mapedulo ndi nsonga za zala, kuti mchimwene wake anabwera ndi sipanala, ndipo inu munati musataye nthawi. Bambo, kutsitsa chishalo kumatenga nthawi yanji? Makaniki wanuyo akanamaliza inu musanapukute magalasi. Sinali nthawi imene munkaisunga. Chishalo chimenecho chidakali pa msinkhu wa akazi anu, ndipo mtima wanu sunafune kuti sipanala ichikhudze. Sindikukudzudzulani, ambiri timasiya kapu pamene mwini wake anaisiya. Koma kapu ya pashelefu sivulaza munthu. Chishalo chotalika pamtsetse, kumbuyo kuli bambo wamkulu, chikhoza kuvulaza anthu awiri. N'chifukwa chake phazi lake linapulumuka.

Ndiye chitani izi. Tengani penti yomwe ija, kapena ina iliyonse, mulembe kamzere pa chitsulo pamene chishalo chili panopa. Msinkhu wa mayi awo ukhala pamenepo, palibe adzaufufute. Mukatero itanani Tsabola, mumupatse sipanala m'manja, atsitse yekha mpaka phazi lake likhale bwino. Makaniki aonenso mahandulo ndi mabuleki ngati zala za mlongo wake zikufikapo mosavutika.

Jekete yachikasuyo pitani nayo pa ulendo, ikoleni m'galimoto pafupi ndi kashelefu kanu, koma mwanayo mugulireni yake, ya mtundu umene asankhe yekha, yomukwana manja. Mapegi sasankha nsalu. Mumupemphenso kuti apeze mawu akeake okuuzirani za msewu. Mtsikana amene anabweza wometa wa pakona uja sangasowe chokutchani, ndipo ndikukayika ngati chidzakhale chaulemu ngati Akatundu.

Musananyamuke, yesererani. Yambani pabwalo la mpira kapena msewu wosadutsa magalimoto ambiri, buku litatsala kunyumba. Phunzirani kunyamuka, kuima ndi kukhota mpaka zizichitika zokha. Gwirizanani mawu amodzi amene inu mungakuwe mtima ukakugwiraninso, kuti iye adziwe kuti vuto si iye ndipo aime modekha. Chifukwa zidzachitikanso, mwina pamene simukuyembekezera. Zikatero miyendo muzingoilekerera izungulire, osaiumitsa. Kenako bwererani pa mtsetse wa ku mlatho uja, muutsike mpaka pansi. Masiku oyamba a ulendo akhale aafupi, zikwama zonse zikhale m'galimoto, zipewa zoteteza mutu zikhale kumutu osati pa mahandulo, ndipo makaniki asatalikire kwambiri. Mitsetse ikuluikulu ya m'mapiri, ngati mwanayo akuona kuti kulemera kwanu kukumuposa, kwezani njinga padenga la galimoto. Wonena zimenezo akhale iye, popeza mabuleki ali m'manja mwake.

Achemwali anu akukufunirani zabwino, musakangane nawo. Muwatumizire chithunzi mukafika ku mathithi.

Chenjezo langa ndi limodzi. Tsabola akukupatsani ulendo uno, sakukupatsani moyo wake wonse. Wamaliza sukulu, ali ndi misewu yake imene inu simudzakhala kumbuyo kwake. Musamutche Adalaivala ngakhale mwanthabwala, dzina limenelo lili ndi mwini wake. Ndipo akakuuzani zoona kuti sakufunanso kukhala kutsogolo, mumulole akwere galimoto popanda kumukwinyira nkhope. Koma ndikukayika kuti adzatero. Mwana amene sakufuna sayenda ndi mapegi m'thumba.

Zaka zonsezi munakhulupirira munthu wakutsogolo osaona msewu. Luso limenelo muli nalo kale, ndipo ndi limene mwana wanu akulipempha. Pindani nyuzipepalayi, mukafunse makaniki kumene anaika sipanala ija.

Aphungu