Nsapato Zanga pa Khomo la Kachisi

Lolemba, 12 Meyi

Tafika. Maola asanu ndi awiri m'basi, miyendo yatupa. Chipinda cha ku hotela nchabwino, koma mpopi wa m'bafa ukudontha. Abambo, amuna angawa, aima pamenepo theka la ola, ati ndiwapezere sipanala. Zaka makumi anayi akumanga nyumba za anthu, manja sanaiwale kanthu. Mutu wokhawu.

Pa ulendowu tilipo anthu khumi ndi asanu ndi atatu. Wotitsogolera ndi bambo wamfupi, woyankhula ngati wailesi. Amayenda ndi kambendera kofiira pa ndodo kuti tisasochere. Ndamutcha Kambendera. Anafunsa ngati pali wodwala pakati pathu. Ndinati ayi. Bodza loyamba.

Mwezi wathunthu tsopano amuna anga akunditcha "anesi", poti ndine ndimawapatsa mapiritsi. Zaka makumi anayi ndi chimodzi pabanja, ana anayi, lero ndine anesi. Adokotala anati nthawi zina chinthu chimene munthu ankachikonda kwambiri chimatsegula mutu, ngakhale pang'ono. Kunyumba pa khoma pali kalendala ya chithunzi cha kachisi wamiyala. Chaka chake chinatha kalekale, koma ankakana kuichotsa. "Tsiku lina ndidzakutengerani kumeneko, mukaone amisiri enieni." Ndawatengera ndine. Makina anga osokera, amene ndagulitsa, ndiwo alipira.

Sindikufuna zambiri. Andiyang'ane kamodzi kokha, adziwe kuti ndine.

Lachiwiri, 13 Meyi

Linga lakale pamwamba pa phiri. Masitepe osatha. Kambendera ndi mayina a mafumu, nkhondo, zaka. Palibe chomwe ndagwira. Maso anga anali pa abambo basi.

Anasiya gulu nkukaika chikhatho pa khoma. Kusisita, kugogoda, kuyesa kulowetsa chikhadabo pamene miyala yakumana. Osalowa. "Apa palibe simenti," anatero. "Anthu awa sankamangira kuti aweruke msanga." Maso ali ngwee, ngati kale akabwera kuntchito atamaliza denga. Ndinawagwira mkono nkufunsa ngati akukumbukira kalendala ija.

"Anesi, musandigwire choncho. Ndine wapabanja."

Pali mayi wina pagulupa wa chipewa chachikulu, wosasunga mawu. Anaseka mpaka kugwira nthiti, ati banja lanthabwala ngati lathuli sanalionepo. Nanenso ndinaseka. Ndinakalirira m'chimbudzi cha pansi pa phiri, cholipira.

Lachitatu, 14 Meyi

Msika. Tinjira topapatiza, nsalu zolendewera, mapoto amkuwa, fungo la zokometsera zakudya loyetsemulitsa. Aliyense kukukoka, aliyense mtengo wake ndi "wa inu nokha". Ndinangowerama kuona kansalu kamodzi. Kamodzi kokha! Poweramuka abambo palibe.

Ndathamanga lero ine, nkhalamba yonseyi. Kufuula dzina lawo, anthu kumangondiyang'ana. Kanjira kalikonse kofanana ndi kanzake. Ndinalumbira kuti ndikawapeza ndiwamanga chingwe m'chiuno.

Anawapeza ndi Kambendera. Abambo anali atagwada pansi pa tebulo la wogulitsa mbale, akuika kamwala kunsi kwa mwendo wake kuti lisagwedere. Mwini tebulo ali kakasi. Kambendera sanandikalipire, bola akanatero. Anangoti, "Amayi, mukanandiuza tsiku loyamba lija." Manyazi.

Mayi wa chipewa wadziwa tsopano, ndiye chifundo chamuchulukira. Anandikokera kwa wogulitsa nsapato, ati ndigule zina, zangazi zikuchititsa manyazi pa zithunzi. Zoona, nzakale. Yakumanzere inang'ambika zaka zitatu zapitazo, abambo nkuisoka ndi waya wamagetsi, wobiriwira, poti ulusi sankaukhulupirira. Yonyansa, koma lero lonse ndathamanga nayo osaduka. Ndinakana.

Mwana wathu wamkulu anaimba madzulo. "Amayi, bwererani, mukungowazunza adadi." Mwina akunena zoona. Koma kachisi wa pa kalendala ndi Lachisanu. Ndafika pakhomo, ndibwerere pati?

Lachisanu, 16 Meyi

Dzulo sindinalembe. Abambo ananditsekera kunja kwa chipinda, ati anesi alibe chochita m'chipinda cha mwamuna wa mwini. Ndinakhala pa khonde mpaka wa ku hotela anabwera ndi kiyi wina. Anzathu anapita kukaona zipilala, ife ayi.

Lero kachisi uja. Yemweyo ndithu, kungoti pa kalendala panalibe nkhunda ndi ogulitsa madzi. M'mawa ndinawaveka malaya oyera, ndinawapesa. Inenso ndinavala diresi imene ankaikonda, ngakhale yandithina.

Pa khomo aliyense amavula nsapato. Mazanamazana, zili mbwee pa masitepe. Tinavula, tinalowa. Mkati mozizira, mwakachetechete, denga kutalika mpaka khosi kuwawa. Ndinawaimika pakati penipeni. Ndinati onani abambo, amisiri enieni aja. Anayang'ana m'mwamba. Ndinadikira.

"Anesi, kodi tidya nthawi yanji?"

Basi. Makina anga, maola asanu ndi awiri, bodza langa, zonse zathera pa tidya nthawi yanji. Ndinagwada pambali pa anthu amene ankapemphera. Mapempheredwe awo sindiwadziwa, koma ndinapempha. Ndinakalipanso pang'ono. Potsegula maso, abambo palibe. Kachiwiri.

Ndinatuluka chothamanga, wopanda nsapato, miyala ya panja ikuotcha ngati chiwaya. Sindinapite patali. Anali atakhala pa sitepe, pakati pa nsapato za dziko lonse, zanga ataziika pamiyendo. Zawo sanazione nkomwe. Chala chikusisita waya wobiriwira uja.

"Anesi, taonani. Akazi anga ali mkatimo. Iyi ndinasoka ndine."

Ndinati abambo, ndine, ndili pano. Ndinaloza mapazi anga. Anandiyang'ana mwaulemu, monga mmene umamuyang'anira munthu wosokonezeka.

"Atuluka posachedwa. Amachedwa, ndi mmene alili. Ndikazisiya apa wina aziba."

Ndinabwerera mkati. Ndinaima kuseri kwa chipilala, nkuwerenga mpaka makumi asanu, nkutulukanso pang'onopang'ono ngati munthu wongomaliza kupemphera. Chitsiru ine. Anadzutsa mutu, nkhope yowala, nkuyang'ana kumbuyo kwanga. Ndinachita katatu.

Basi inaliza hutala. Abambo anakanitsitsa kunyamuka. Kambendera anatenga gulu nkupita nalo kukadya, ati atibwerera. Ndinakhala pansi pambali pawo. Tinadikira limodzi maola awiri. Anandiuza zambiri za akazi awo. Ati anakumana nawo akumanga khitchini ya kwa apongozi, akaziwo nkuwauza kuti khoma lapindika. Ati linalidi lopindika. Zaka zonsezi ankakana!

Dzuwa litapendeka ndinanena bodza lina. Ndinati akazi anu atulukira khomo lakuseri, atsogola kunyumba, ati muwabweretsere nsapatozo. Anapukusa mutu, akumwetulira. "Opanda nsapato? Ndi iwowo amenewo." Anadzuka.

Loweruka, 17 Meyi

Tikubwerera. Mapazi matuza okhaokha. Mayi wa chipewa wandibwereka masilipasi, aakulu, osanena liwu lililonse. Ndinamuweruza msanga.

Abambo anadzuka ine ndisanadzuke. Ndevu ameta okha, koyamba chiyambire Malichi. Nsapato zanga azipukuta ndi thaulo la hotela, azikulunga m'malaya oyera aja. M'chikwama akana, ati azinyamula pamanja. Akungofunsa kuti basi inyamuka nthawi yanji, akazi awo akudikira.

Sindikudziwa kuti tikafika nditani. Atsegula chitseko, nyumba ili zii. Ndithamangire kukhomo lakuseri? Ndivale chiyani kuti ndikhale ine?

Pomwa mapiritsi anandigwira dzanja, koyamba mwezi wonse uno.

"Anesi, mukafike kwathu, mukawaone. Pakamwa pokha ndiye ayi. Koma mukawakonda."

Ndati ndikafika.

Kambendera akugogoda, ati katundu atsike. Abambo ali kale pakhomo, kaphukusi kali m'khwapa, akundiuza kuti ndifulumire, ndikuwachedwetsa