Wina Akufufuza Kamtedza

Lachinayi, Zóbuè. Nkhungu tsiku lonse, mtima sunakhale m'malo.

Andiimbira Dona Celeste a ku Moatize, amene amasamala tsamba la pa intaneti la nyumba yanga ya alendo. Akuti chiyambire kulipira anunsiyo yotsatsa nyumbayo, tsambalo likutuluka pamwamba anthu akamafufuza pa intaneti. Kenako andiwerengera zimene anthu amalemba pofufuza.

"Bambo, Kamtedza ndani? Wina amalemba tsiku lililonse kuti, 'Kamtedza, unabwerera ku Zóbuè?'"

Ndati sindikumudziwa. Ndanama. Ndi dzina langa la paubwana, ndinalisiya nditavinidwa. Amene sanaleke kundiitana choncho ndi amayi okha, ndipo tinawaika ku Malawi titathawa nkhondo. Kumanda kwawo sindinapitekonso.

Dona Celeste afunsa ngati azimitse anunsiyo. Ndakana. Ngati ndi amayi, asavutike kundipeza.