Nguluwe Yoyera ya Kudimba

Akulu anga okondedwa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi bambo akunyumba ndi ana. Mwendo uja unkakuvutani m'chisanu uli bwanji? Ife kuno tili bwino. Kuzizira kwatha, mapichesi kuseri kwa nyumba achita maluwa, nkhuku zayambanso kuikira, ndipo mwana wanu wamng'ono chifuwa chamusiya.

Koma nkhani imene yandigwiritsa cholembera ndi ina. M'shedi mwanga ndatsekeramo nkhumba ya eni ake, ndipo ndikufuna mumve kwa ine musanamve kwa ena.

Mukulidziwa dimba la kumtsinje limene malemu bambo a ana anandisiyira. Chaka chino ndinalawirira. Ndinafesa kabichi, anyezi ndi matimati mabedi asanu ndi limodzi, ndikuthirira ndi ndowa m'mamawa madzi akuluma zala. Mbande zitangomera, ndinapeza mabedi awiri atafukulidwa ngati wadutsapo ndi khasu munthu woledzera. Mawa lake enanso awiri.

Alamu, akulu ake a malemu, ankafika m'mawa uliwonse, manja kumbuyo, nkhope yachisoni. Ankati zimenezi ndi nguluwe za m'nkhalango, zimatsika nyengo ino dothi likafewa. Ankati mkazi yekha sangalimbane ndi nguluwe, bola ndingowasiyira dimbalo, iwo azindigawirako masamba. Akulu, ndinatsala pang'ono kuvomera. Ndinali nditatopa kulira.

Madzulo ena ndinawaza phulusa kuzungulira mabedi awiri otsalawo mpaka m'kanjira. M'mawa ziboda zinali mbee. Sizinalowere kunkhalango ayi. Zinakwera mtunda mpaka pakhola la alamu. Pambali pake panali mapazi a munthu wovala jombo, ya kumanzere ili ndi chigamba cha tayala.

Chigamba chimenecho ndimachidziwa. Malemu anachisoka okha pakhonde pathu, ine ndikuwagwirira nyale. Jombozo ndinapereka ndekha kwa alamu maliro atatha, poti mapazi awo ndi ofanana. Ndiye munthu akuvala jombo za m'bale wake popita kukadyetsa nkhumba m'dimba la ana amasiye a m'bale wakeyo.

Ndinakhala pansi pomwepo. Misozi sinabwere. 

Alamu sindinawafunse kanthu. Ndinadikira Loweruka kuchigayo, kumene anthu amadzaza. Pamaso pa wachigayo, kalipentala ndi amayi onse a pamzere, ndinawafunsa mofatsa ngati nkhumba zawo zimatuluka usiku. Anakwiya. Analumbira kuti khola lawo limagona ndi loko, ndipo chiyambire nkhumba yawo sinapondepo kudimba kwanga. Ndinapepesa, n'kufunsa kuti nanga nguluweyo ndikaigwira ndikaipereke kwa yani. Anaseka mpaka kutsokomola. Anati nyama ya m'tchire ilibe mwini, ndikaigwira ndi yanga, iwo adzabwera kudzandithandiza kusenda.

Ndinagula madeya chitini chimodzi n'kubwerera kwathu.

Usiku womwewo ndinathira madeya kuchokera pamabedi mpaka m'shedi muja malemu ankasungamo makasu. Pachitseko ndinamangapo chingwe, ine n'kubisala kuseri kwa mulu wa nkhuni nditafunda bulangete. Achule anali atayamba kale phokoso lawo kumtsinje. Kadzidzi anadutsa kawiri. Kenako ndinamva kukhosomola kumene ndimakudziwa, ndi nkhumba zitatu zikutsika. Mwini wake anazisiya pampanda n'kubwerera kukagona. Ziwiri zinathamangira kumabedi. Yachitatu, yaikazi yaikulu ya bere, inatsata madeya mpaka m'kati. Ndinakoka chingwe, n'kuikapo mpiringidzo. Zinazo ndinaziswa ndi chikuni mpaka zinathawa zikulira.

M'mawa alamu anafika, jombo zomwezo kumapazi. Tsiku limenelo sanafunse za mabedi. Anangoima pabwalo akumvetsera kulira kwa m'shedi. Ndinawauza kuti Mulungu wandichitira chifundo, nguluwe ija ndaigwira. Ndinali nditaitana kale wachigayo kuti adzaone. Iye anasuzumira pawindo, n'kunena kuti chibadwire sanaonepo nguluwe yoyera, yonenepa, yodulidwa khutu. Anafunsa alamu ngati akuidziwa. Alamu anayang'ana pansi, anayang'ana kumwamba, n'kunena kuti sakuidziwa.

Patapita masiku atatu inaswa ana asanu ndi anayi, onse amoyo.

Dzana kunabwera akazi a alamu. Analira pakhonde panga, akuti nkhumbayo anailera okha kuyambira ili kamwana, amuna awo sanaitungirepo ngakhale madzi. Ndinawapatsa mpando. Ndinawafunsa ngati sankamva loko akutsegulidwa usiku. Anati ankamva. Ndinawauza kuti nanenso tsopano ndaphunzira kumva n'kukhala chete. Anapita osatsazika.

Apa ndiye ndiulule, akulu. Mumtima mwanga mulibe chisoni ngakhale pang'ono. Alamu akamadutsa pamsewu tiana tija tikulira, ndimachita kutsegula windo la shedi kuti amve bwino. Usiku ndimagona tulo tokoma timene sindinagonepo chimwalirire malemu. Ndikudziwa kuti amayi sanatilere choncho. Ndayesa kupemphera kuti mtima utsike, koma ndikangotsinzina ndimaona mbande zanga zili mizu m'mwamba.

Tsopano amalume awo a malemu aitanitsa abale onse Lamlungu likubwerali kuti tikambirane. Ndikudziwa kale zimene akanene: kuti ndife amodzi, kuti nkhani ya m'banja siipita kutali. Mbali yawo adzakhala ambiri, ine ndili ndekha. Chonde bwerani mudzakhale pambali panga. Koma ngati mukubwera kudzandiuza kuti ndikhululuke, khalani konko musamale mwendo wanuwo.

Zofuna zanga n'zochepa. Alamu aimirire pamaso pa onse, anene ndi pakamwa pawo kuti nkhumba ndi yawo, ndipo anaitsegulira okha. Akatero agwire khasu, akonze mabedi onse asanu ndi limodzi, afese mbewu yogula okha, ine nditakhala pamthunzi. Akachita zimenezo, make wa tiana tija ndibweza kwa akazi awo. Akakana, ikhalabe nguluwe mpaka tsiku loisenda.

Mundiperekere moni kwa bambo akunyumba ndi ana onse. Mulungu akusungeni ndipo akuyendetseni bwino panjira.

Pobwera mundigulireko mankhwala a njoka za m'mimba okwanira tiana ta nkhumba tisanu ndi tinayi. Timeneto tabadwira m'nyumba mwanga, ndipo sitipita kulikonse.

Ndine mng'ono wanu,
Make atsikana